ALS, RRV, HEMS: Zilembo za M'masewera Otumiza Ambulansi, Tikaziwerengera ku Chitala

Pali masewera ena a pa foni ndi pa kompyuta omwe mulibe mpira, mulibenso mpikisano wa magalimoto. Wosewera amakhala pa mpando wa munthu wolandira mafoni a ngozi, n'kumasankha galimoto yoti ithamangire kuti. Chimene chimabweza anthu ambiri tsiku loyamba ndi zilembo: ALS, RRV, BASU, HEMS, zonse zitandandalikidwa popanda wozimasulira. Mafunso ali m'munsiwa tawayankha titaima ku Chitala, m'boma la Salima, kumene ngozi zimachitika monga kwina kulikonse koma magalimoto othamangira ngozizo ndi owerengeka.

Masewera ake ndi ati, ndipo munthu amachitamo chiyani?

MissionChief anachokera ku Germany, kumene dzina lake ndi Leitstellenspiel, ndipo amaseweredwa pa intaneti, pa mapu enieni a dziko. 911 Operator anapangidwa ndi kampani ya ku Poland yotchedwa Jutsu Games n'kutuluka mu 2017, ndipo 112 Operator anatsatira mu 2020. Akale kuposa onsewa ndi a Emergency, omwe anayamba mu 1998.

Mu 911 Operator foni imalira, mumamva mawu a munthu wosokonezeka, ndiye inu mumufunse mafunso oyenera, mumuuze choti achite, ndi kuzindikira ngati akunena zoona kapena akungosereula. Mu MissionChief mulibe zoyankhula. Ngozi imangotulukira pa mapu pamodzi ndi mndandanda wa magalimoto ofunika. Masiteshoni mumamanga nokha, magalimoto mumagula ndi ndalama za m'masewera, antchito mumawatumiza ku maphunziro otenga masiku enieni. Galimoto ikanyamuka imayendanso nthawi yeniyeni. Ulendo ukakhala wa mphindi 25, mudikira mphindi 25, kaya mukwiye kaya musakwiye.

Nanga zilembo zonsezi n'zachiyani? Osangolemba kuti "ambulansi" bwanji?

Opanga masewera sanazipeke. Anazitenga kwa ozimitsa moto, apolisi ndi azachipatala a m'mayiko awo, anthu omwe amayankhulana pa wailesi ndipo alibe nthawi yotchula dzina lalitali. N'chifukwa chake zilembo zimasintha mukasintha dziko: MissionChief wa ku Britain ali ndi zake, wa ku America zake, wa ku Germany zakenso.

Langizo langa n'lakuti musavutike kuloweza. Pa galimoto iliyonse dzifunseni zinthu zitatu. Mwakwera ndani? Yanyamula zipangizo zanji? Ingathe kunyamula wodwala, kapena ayi? Chilembo chilichonse chimangoyankha mafunso amenewa mwachidule. Chimene chikutchulidwa kwenikweni ndi ntchito, galimotoyo yangonyamula ntchitoyo. Mukagwira mfundo imeneyi mudzaona kuti ntchito zambiri za m'masewerawa ku Chitala zilipo, kungoti zili m'manja ena.

ALS ndi BLS zimasiyana pati?

BLS ndi chidule cha Basic Life Support, chithandizo choyambirira: kuletsa magazi, kumanga fupa lothyoka, kupereka mpweya wa okosijeni, kupsinja pachifuwa mtima ukaima. ALS ndi Advanced Life Support. M'menemo mumakwera paramediki wotha kuika diripi, kubaya mankhwala mumtsempha, kuwerenga kagundidwe ka mtima pa makina ndi kulowetsa chubu chopumira kukhosi. Kunja maambulansi awiriwa akhoza kufanana ndendende. Kusiyana kuli pa munthu amene wakweramo ndi chikwama chake. Ajeremani amagawa mwina: KTW ndi yongosamutsa wodwala, RTW ndi ya ngozi, ndipo NEF ndi kagalimoto kobweretsa dokotala pamalo a ngozi.

Kuno kwathu ambulansi yomwe tinaizolowera ndi Land Cruiser yoyera ija, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuchotsa wodwala pa chipatala chaching'ono kupita naye ku chipatala cha boma, kapena kuchoka ku Salima kupita ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Kumbuyo kumakhala machira kapena matiresi, benchi m'mbali, gadiyani atafumbata mtolo wa zitenje, beseni ndi kapoto. Mukakwera mzamba wokhala ndi diripi ndi mankhwala oletsa kutaya magazi, galimotoyo yayandikira ALS. Mukakhala dalaivala ndi gadiyani basi, imeneyo ndi thiransipoti, ngakhale pakhomo pake palembedwe mawu aakulu bwanji. Choncho funso lofunika pamene m'bale wanu akutumizidwa ku chipatala chachikulu si lakuti ambulansi yafika kodi lokha ayi. Funsaninso kuti akuperekeza ndani.

RRV sinyamula wodwala. Ndiye yabwera kudzatani?

Apa ndi pamene osewera atsopano amaona ngati awononga ndalama. RRV ndi Rapid Response Vehicle, Amereka amati fly-car: galimoto yaing'ono yokhala ndi paramediki mmodzi ndi zipangizo zake. Imafika msanga kuposa ambulansi yaikulu, ndipo pa matenda ena mphindi zoyambazo ndi zimene zimagamula mlandu. Mtima ukaima, ubongo umayamba kuwonongeka pasanathe mphindi zochepa. Phindu lachiwiri n'lobisika: paramedikiyo akafika n'kupeza kuti wodwala akhoza kuthandizidwa pomwepo, ambulansi yaikulu imatsala kuyembekezera wina amene akuifunadi.

Ganizo lake ndi lotengera luso kwa wodwala m'malo motengera wodwala ku luso. Ku midzi yathu amene amagwira ntchito yofanana ndi imeneyi ndi mlangizi wa zaumoyo, HSA, wokhala ndi bokosi la mankhwala a ana osapitirira zaka zisanu: a malungo, a chibayo, a kutsegula m'mimba. Si paramediki, ndipo sanaphunzitsidwe za ngozi za pamsewu, koma mwana wotentha thupi amene waonedwa m'mudzi usiku womwewo ndi ulendo umodzi wa ambulansi umene wapulumuka.

Malawi anayesanso njira ina, ya njinga zamoto zokhala ndi bedi m'mbali, za eRanger. Kafukufuku yemwe anasindikizidwa mu 2008, wochokera m'zipatala zitatu za kumidzi ku Mangochi, anapeza kuti njingazi zinachepetsa kuchedwa kwa amayi oyembekezera ndi maola awiri mpaka anayi ndi theka, ndipo mtengo wa ambulansi imodzi ya galimoto unali wokwanira kugula njinga zoterezi 19. Masiku ano mpata umenewo wadzazidwa ndi akabaza. Tonse tinaonapo kanyamulidwe kake: wodwala pakati, m'bale kumbuyo atamukumbatira, chitenje chitawamanga onse awiri, mapazi a wodwala akulendewera pafupi ndi ekizozi yotentha. Kwa wamalungo zimathandiza. Kwa munthu amene wagwa mumtengo wa mango kapena wagundidwa ndi galimoto n'kumadandaula khosi kapena msana, kumukhazika pa njinga kukhoza kumupuwalitsa moyo wake wonse. Ameneyo amafuna thabwa kapena chitseko, agone chowongoka, mutu wina ataugwira.

Ndaona ARV pa mndandanda wa apolisi. Si mankhwala amenewo?

M'masewera a ku Britain ARV ndi Armed Response Vehicle, galimoto ya apolisi a mfuti. Ili ndi dzina lakelake chifukwa apolisi ambiri ku England, Scotland ndi Wales sayenda ndi mfuti. IRV ndi galimoto wamba yolondera yomwe imayamba kufika, DSU ndi ya agalu, imene Amereka amailemba K-9, ndipo SWAT ndi gulu la ku America la zida zamphamvu. Kwathu gulu loitanidwa zinthu zikavuta ndi PMS, omwe akuluakulu amawatchabe PMF. Chomwe simudzachipeza m'masewera ndi VSU, ofesi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, kumene milandu yambiri ya kumudzi imathera. Ilibe sairini, ndiye opanga masewera saiona.

Magalimoto ozimitsa moto ndi ochuluka mitundu. Ndigule iti?

Msana wa siteshoni iliyonse ndi galimoto yopopa madzi, yomwe ku Britain amailemba WrL, Water Ladder, ndipo ku America amangoti Engine. RP, Rescue Pump, ndi yomweyo koma yowonjezera zodulira zitsulo zotulutsira anthu opanikizika m'galimoto. ALP ndi CARP ndi za makwerero aatali a nyumba zosanja. BASU imabweretsa masilinda a mpweya kwa olowa mu utsi. HazMat ndi ya mankhwala oopsa ndi mafuta otayika. ICCU ndi ofesi yoyenda ya mkulu wolamula, moto ukakula n'kufuna magalimoto ambiri.

Masewera amakukopani kuti mugule makwerero, chifukwa ndi okongola ndipo amatsegula ngozi zolipira bwino. Koma tayerekezani kuti siteshoni yanu mwaimanga pa Chitala. Makwerero a mamita 30 mukakwera nawo pa chiyani? Zofunika kuno ndi ziwiri zomwe osewera amazinyoza: L4P, kagalimoto kopepuka kotha kudutsa mumchenga ndi m'matope, ndi WrC, bauza yonyamula madzi. Galimoto wamba yozimitsa moto ku Britain imanyamula malita pafupifupi 1,800, madzi omwe amatha m'mphindi zochepa mipope ikatsegulidwa. M'tauni amalumikiza ku mpope wa mumsewu. Kumudzi kuli mjigo, ndipo mjigo sungadzaze thanki moto uli kuyaka.

Kunja kwa masewera, ozimitsa moto m'Malawi ali m'manja mwa makhonsolo a mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, kuphatikizapo a pa mabwalo a ndege. Kuchokera ku Lilongwe kufika pa boma la Salima ndi makilomita pafupifupi 100, pamene denga la udzu mu Okutobala limatha munthu asanamalize kuimba foni. Ozimitsa moto a ku Chitala ndi anthu a ndowa, nthambi zaziwisi ndi makasu, ndipo ntchito yawo yaikulu imagwirika moto usanabwere: kulambula tchire mozungulira nkhokwe, khola ndi mulu wa thonje. Chinthu chimodzi chokha cha HazMat chimene banja lililonse lisungire m'mutu, makamaka nyengo zosowa mafuta pamene zigubu za petulo zimagona m'nyumba: moto wa petulo sathira madzi. Madzi amaunyamula n'kuumwaza. Thirani mchenga kapena dothi.

HEMS ndi chiyani, nanga za panyanja zilimo?

HEMS ndi Helicopter Emergency Medical Service, helikopita yonyamula dokotala kapena paramediki waluso lapamwamba. Ya ku London inayamba mu 1989. Zilembo za panyanja ndi ILB, boti laling'ono la m'mphepete, ndi ALB, lalikulu lolimbana ndi nyengo iliyonse, mayina omwe amagwiritsa ntchito a RNLI, bungwe la ku Britain ndi Ireland lopulumutsa anthu panyanja kuyambira 1824.

Kwathu helikopita ndi nkhani ya asilikali ndi ya masoka aakulu. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, ndege zina zopulumutsa anthu zinachita kuchokera ku Tanzania ndi ku Zambia. Ndipo mwera ukagubuduza bwato ku Senga Bay, amene amayamba kufika nthawi zambiri ndi asodzi anzawo okhala ndi boti la injini, apolisi a panyanja ndi asilikali akubwera pambuyo.

Pambali pa galimoto iliyonse pamaoneka nambala, 2, 3, 4, nthawi zina 5 ikuphethira. Imeneyo ndi chiyani?

Imauza wotumiza pamene galimoto ili, ndipo inachokera ku mawailesi a ku Germany. Nambala 2 ndiye kuti ili pa siteshoni, yokonzeka. 3, ili pa ulendo wopita ku ngozi. 4, yafika. 1, yamaliza ndipo ikubwerera, mukhoza kuikhotetsera kwina. 6, siingagwire ntchito. 7, yanyamula wodwala. Nambala 5 ikutanthauza kuti akufuna kuyankhula nanu, ndipo mu MissionChief nthawi zambiri ndi ambulansi yofunsa kuti wodwalayu tipite naye chipatala chiti. Mukachedwa kuyankha, ambulansiyo imangoima pomwepo ndi wodwala wake.

Ine pa zilembo ndi manambala onse, amenewa ndi amene ndimawasirira. Safuna galimoto yatsopano. Amangofuna kuti munthu mmodzi m'boma lonse adziwe, mphindi iliyonse, kuti ambulansi iyi ili ku Khombedza, iyo ili pa mzere wa mafuta, inayo ili pa miyala kudikira matayala. Banja loyembekezera pa chipatala chaching'ono likauzidwa zoona, kuti galimoto ili kutali ndipo ifika pakatha maola atatu, likhoza kuyamba kufunafuna matola nthawi ikadalipo. Chopweteka ndi mawu akuti "ikubwera" osanena kuti ikuchokera kuti.

Kodi Malawi ali ndi malo otumizira magalimoto ngati a m'masewerawa?

Manambala odziwika kuyambira kale ndi 997 ya apolisi, 998 ya ambulansi ndi 999 ya moto. Chinthu choyandikira kwambiri masewerawa ndi nambala yaulere ya 118, yomwe Unduna wa Zaumoyo unayambitsa ndi thandizo la World Bank ngati ntchito yoyesera pa msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre: malo amodzi olandirira mafoni, maambulansi oikidwa m'zipatala za m'mbali mwa msewu, ndi anthu a m'midzi ophunzitsidwa chithandizo choyamba. Anasankha M1 chifukwa cha kuchuluka kwa ngozi. Chitala ili mbali ya kunyanja, kutali ndi msewu umenewo.

Palinso Chipatala Cha Pa Foni, chomwe chinayamba ku Balaka mu 2011 ndi bungwe la VillageReach kenako n'kuperekedwa ku boma. Sichitumiza ambulansi, koma chimachita theka lina la ntchito ya wotumiza, lomwe mu 911 Operator ndi lovuta kwambiri: kumvetsera, kufunsa, ndi kuuza munthu ngati ayenera kunyamuka pompano. Nambala ya ana ochitiridwa nkhanza ndi 116.

Mayiko enanso sanayambe ndi zonse. London inayamba 999 mu 1937, America inaimba 911 koyamba mu 1968, ndipo mayiko a ku Ulaya anagwirizana za 112 mu 1991.

Ndikamanga siteshoni yanga pa Chitala m'masewera, ndi chiyani chidzakhale choona, chiyani chabodza?

Chabodza ndi msewu. Mapu amaona mzere wolumikiza mudzi ndi mudzi n'kuwerengera liwiro, osadziwa kuti mu Febuluwale dothi lakuda la m'dambo limameza matayala, kapena kuti mtsinje wadzaza. Ngakhale msewu waukulu wa M5 wakhala ukuduka milatho nyengo za mvula. M'masewera mafuta satha, dalaivala sapita ku maliro, netiweki siithawa.

Choona ndi masamu a kusowa. Wosewera watsopano ngozi yoyamba ikangotulukira amatumiza magalimoto onse, kenaka yachiwiri, yoopsa kuposa yoyamba, imatulukira mbali ina siteshoni ili mbee. Zili ngati bawo: wongothamangira kudya osayang'ana maenje amene wasiya opanda kanthu sachedwa kugona. Amene amagawa maambulansi pa boma amasewera masewera omwewa tsiku ndi tsiku, koma ndi anthu enieni. Galimoto imene yapita ku Kamuzu Central yakwera mapiri a ku Mvera, yadikira kuti wodwala alandiridwe, yabwerera makilomita 100 ena. Theka la tsiku lapita. Nthawi yonseyo mayi amene wayamba kutaya magazi pa chipatala chaching'ono akudikira galimoto yomweyo. Amene wasewerapo MissionChief ndi maambulansi awiri okha amasiya kufunsa kuti n'chifukwa chiyani sanatumize msanga, n'kuyamba kufunsa kuti boma lonse lili ndi angati oyenda. Funso lachiwirili ndi limene liyenera kupita kwa khansala ndi phungu.

Odwala akachuluka, woyamba ndani?

Amene angafe msanga, osati amene anayamba kufika kapena amene akulira mokweza. Pa ngozi yaikulu opulumutsa amagawa anthu ndi mitundu: ofiira ndi a pompano, achikasu angadikire pang'ono, obiriwira akutha kuyenda okha. Wokuwa ndiye kuti akupuma. Woopsa ndi amene wangoti zii.

Pa nkhani imeneyi Malawi si wongophunzira kwa ena. Njira yosankhira ana odwala kwambiri yotchedwa ETAT, Emergency Triage Assessment and Treatment, inakulira pa chipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre, kumene Pulofesa Elizabeth Molyneux anagwira ntchito zaka zambiri, ndipo WHO inaifalitsa ku mayiko ena. Imagawa ana patatu: E wofunika chithandizo nthawi yomweyo, P woyenera kupititsidwa kutsogolo, Q wotha kukhala pa mzere. Mwana wobanika, wokomoka, wogwidwa ndi khunyu la malungo, wozizira manja kapena wolowa maso chifukwa chotsegula m'mimba sayenera kukhala pa benchi kudikira chiphaso. Mayi amene wabereka mwana wotero adutse mzere n'kukaonetsa kwa namwino, ndipo ena pa mzerepo asang'ung'udze.

Ngozi yeniyeni itachitika, ndinene chiyani pa foni?

Yambani ndi malo, osati nkhani. Foni ikhoza kuduka, mayunitsi akhoza kutha, ndipo amene wamva malo okha angathe kunyamuka, pomwe amene wamva nkhani yonse popanda malo sangachite kanthu. Kumidzi kulibe manambala a nyumba, ndiye tchulani mudzi ndi mfumu yake, kenako chinthu chomwe dalaivala angachione: sukulu, tchalitchi, mzikiti, chigayo, mlambe wa pamphambano. Mukatero nenani chachitika, anthu ndi angati, akupuma kapena ayi, akuyankhula kapena ayi, magazi akutuluka pati. Ngati ndi mayi woyembekezera, nenani miyezi yake ndi nthawi imene matenda anayamba. Nenaninso njira yomwe ikudutsika lero, chifukwa inu ndi amene mukudziwa kuti kamlatho kaja kanakokoloka.

Manambala a dziko lonse asungeni, koma m'foni mwanu mukhalenso ya mkulu wa chipatala chapafupi, ya mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, ya polisi yapafupi, ndi za akabaza awiri kapena mwini galimoto amene amayankha usiku. Mukamaliza kuimba musayimbirenso achibale onse pa foni yomweyo, isiyeni ipume kuti akakufunani akupezeni, ndipo tumizani mnyamata wa tochi akaime pamphambano pomwe galimoto ikhotere.